Ku Bhutan tsabola ndiye ndiwo

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikwera mapiri a Himalaya, tikalowe ku Bhutan, kadziko kopanikizika pakati pa India ndi China, komwe anthu ake sakwana n'komwe 1 miliyoni.

Taonani madenga a nyumba izi m'chigwa cha Paro, pomwe ndege zimatera. Kufiira kuli psuu pamwambapo ndi tsabola, amuyanika kuti aume chisanu chisanafike. Nditangomuona ndinkayesa ngwamalonda, koma mnyamata wotiperekeza anati ndi chakudya cha banja limodzi basi. Ife kambuzi timangotapa pang'ono kuti ndiwo zikome. Iwo tsabola amamung'amba m'litali, kudzaza mphika, n'kumuphika ndi tchizi cha mkaka wa ng'ombe kapena wa yak, ng'ombe yaubweya ya kumapiri ija. Ndiwo imeneyi ndi ema datshi: ema ndi tsabola, datshi ndi tchizi. Amadyera mpunga wofiira womwe amalima m'zigwa momwemo. Amene simupirira kuwawa, pemphani kewa datshi ya mbatata ya kachewere kapena shamu datshi ya bowa, ngakhale namonso tsabola sasowa.

Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti chakudyacho chimaperekedwa bwanji. Pakhomo pomwe tinalandiridwa, tonse tinakhala pansi mozungulira mbaula ya nkhuni, miphika ili pakati. Amayi a pakhomopo ndiwo ankagawa. Tisanayambe, agogo anatapa timbewu ta mpunga n'kutiponya pambali, gawo la mizimu ndi milungu ya pamalopo. Kenako aliyense n'kumaumba mpunga m'dzanja ngati mbamu ya nsima.

Tsono mvetserani apa. Akabwera ndi chipande kuti akuwonjezereni, musathamangire kutambasula mbale. Mumaphimba pakamwa ndi dzanja n'kunena kuti "meshu meshu", ndiko kukana kwaulemu. Amayiwo sachoka. Amakakamiza kachiwiri, kachitatu, ndipo pamenepo m'pamene mumalandira. Ine ndimaukonda mwambo umenewu, chifukwa mlendo saoneka wadyera, ndipo mwininyumba amapeza mpata woonetsa kuti akupatsa ndi mtima wonse. Ndinaona mwana wamng'ono akuchita zimenezi kwa amayi ake omwe, kadzanja kali pakamwa, maso ali pamphika.

Tiyi wawo, suja, amathiramo batala ndi mchere, osati shuga. Musamuyembekezere ngati tiyi wa m'mawa uja, muganizeni ngati msuzi wotentha. Mukagona ku Thimphu, likulu lawo, pamalo okwera mamita oposa 2,300, mphepo ikulowa m'mafupa, mudzamvetsa chomwe amamumwera. Pambali amaika zaw, mpunga wokazinga wokukuta. Kapu mukaimaliza amaidzazanso pompo, choncho mukakhuta isiyeni yodzaza.

Mowa wa kumudzi ndi ara, wotchezedwa kuchokera ku mpunga, chimanga kapena tirigu, mofanana ndi kachasu. Mlendo wolemekezeka amamutenthetsera, n'kuthiramo batala ndi dzira.

Mukamayenda mumsika muona akuluakulu milomo ili yofiira. Imeneyo ndi doma: kachidutswa ka mtedza wa areca ndi laimu pang'ono, zokulungidwa m'tsamba la betel. Imatenthetsa thupi, ndipo kupatsana doma ndi njira yoyambira kucheza, ngakhale pamiyambo ikuluikulu imagawidwa. Komabe ndinene mosabisa, madokotala amachenjeza kuti kuitafuna kawirikawiri kumayambitsa khansa ya m'kamwa. Simukakamizidwa kutafuna. Bambo atavala gho, mkanjo wawo wofika m'mawondo, kapena mayi atavala kira, chovala chawo chachitali, akakutambasulirani, landirani ndi manja awiri, weramani pang'ono, munene kuti "kadrinche la", zikomo wawo ameneyo. Ka "la" kakumapetoko musakaiwale, ndi komwe kanyamula ulemu.