Vwende lidyeni koma nthanga zake musataye

Zikomo a gulupu, zikomo mafumu, amayi ndi abambo nonse mwabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi. Amene muli kumbuyoko sunthirani pamthunzi pano, nkhani yake ndi yoti tonse timve bwino.

Dzulo ndimadutsa pa Jali pobwera kuno, mavwende ali mbwee m'mbali mwa msewu, ena ochoka kumadimba a ku Chilwa. Koma chomwe ndinayang'ana kwambiri ndi pansi pamene anthu amadyerapo. Nthanga zili balala, makoko ali kakata, mbuzi ndi zomwe zikudyerera. Ndiye lero ndati tikambirane zimenezi, chifukwa tikugula vwende ndi ndalama yathu koma gawo lopatsa thanzi kwambiri tikulavulira pansi.

Choyamba vwende ndi madzi. Mukaligawa pa 100, magawo 92 ndi madzi okhaokha. Mwezi uno wa Okutobala mukamachoka kokagalauza kumunda mutu ukuwawa, kukhosi kuli gwaa, mkodzo wachikasu kwambiri, nthawi zambiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Chidutswa cha vwende chimathandiza, komanso muli potaziyamu, mchere wina womwe umatuluka ndi thukuta. Kufiira kuja si kokongoletsa chabe ayi, ndi chinthu chotchedwa lycopene chomwenso chimafiiritsa tomato, chimateteza tizigawo ta thupi kuti tisamawonongeke msanga. Mulinso vitamini C ndi vitamini A wothandiza maso.

Ndiye pali kachigawo koyera kaja, pakati pa chofiira ndi khungu lobiriwira, komwe ana amasiya nkumati sikokoma. M'menemo muli citrulline wambiri, thupi likamulandira amathandiza mitsempha ya magazi kumasuka kuti magazi aziyenda bwino. Abambo ena ndakuonani mwamwetulira, ndikudziwa zomwe mumakambirana pa bawo zoti vwende limaonjezera mphamvu kuchipinda. Nkhani imeneyo inachokera pa citrulline yemweyu, koma musayembekezere zodabwitsa, ndipo ngati pali vuto lenileni bwerani kuchipatala chifukwa nthawi zina chimayambitsa ndi shuga kapena BP yomwe simukuidziwa.

Tsopano nthanga, apa ndi pomwe ndikufuna tikhazikike. Agogo athu ankakazinga nthanga za maungu nkusinja nkutendera nkhwani, agogo muli apa simunditsutsa. Nthanga za vwende ndi chimodzimodzi, maungu ndi mavwende ndi pachibale. M'kati mwa kanthanga kaja muli mapuloteni omanga thupi, mafuta abwino, ayironi wothandiza kupanga magazi, zinki ndi magineziyamu. Anzathu a ku Nigeria ndi Ghana ali ndi ndiwo yotchuka yotchedwa egusi, amaphika ndi nthanga zosinja za mtundu wina wa vwende, kwawoko ndi chakudya cholandirira alendo osati cha osowa. Ndipotu vwende si chomera chobwera ndi azungu ayi, kwawo ndi muno mu Africa, ku Egypt ankalima kale zaka zoposa 4,000 zapitazo.

Kakonzedwe kake sikovuta. Mukamadya ikani mbale pakati aliyense aziponya nthanga m'menemo, muzitsuke bwino ndi madzi oyera, muyanike pa lichero mpaka ziume gwaa, kenako kazingani pa chiwaya moto wochepa mpaka zitayamba kuthetheka nkumveka fungo. Musinje mu mtondo, musefe kuti makoko atsale, ufawo ndi nsinjiro basi. Thirani mu chisoso, mu bonongwe, kapena supuni imodzi m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Osakwana miyezi 6 ndi bere lokha, pamenepo sitisintha. Paja timaphunzitsana za magulu 6 a zakudya, ndiye taonani vwende limodzi lakupatsani chipatso komanso nsinjiro, makamaka nthawi yomwe mtedza wakwera mtengo.

Amayi mwafunsa zoti mwana akameza nthanga imamera m'mimba? Ayi mayi, simera, imangotuluka yathunthu kuchimbudzi. Ndi chifukwa chake ndikuti tizisinja kapena kutafuna, yomeza yamphumphu thupi silipindula nayo. Koma ana aang'onoang'ono muziwachotsera nthanga kaye kuti zisawatsamwe.

China chomwe ndikupemphani ndi mtima wonse, mbewu yogula kusitolo ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira musadye ngakhale pang'ono, ija ili ndi mankhwala ophera tizirombo, ndi yodzala basi. Zokazinga ndi zochokera mu vwende lomwe mwadya.

Ukhondonso tisaiwale. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 mmene inatipwetekera, maliro ake tinaika tokha. Vwende limakhala pansi pa dothi, ndiye musanaliboole litsukeni kunja ndi madzi othira kolorini, mpeni utsukeninso, apo ayi mpeniwo umatenga litsiro la pakhungu nkulowetsa mkati. Lodula kale lomwe lakhala padzuwa ntchentche zikuterapo lisiyeni, bola musonkherane awiri atatu mugule lathunthu. Mwana akatsegula m'mimba musati ndimupatse vwende poti muli madzi, ameneyo ndi wa Thanzi ORS ndi zinki ndipo muthamange naye kuchipatala.

Amene muli ndi matenda a shuga, kutsekemera kuja ndi shuga ndithu, idyani kachidutswa kakang'ono osati theka lonse nokha. A BP pitirizani kumwa mapiritsi anu, vwende ndi chakudya silinalowe m'malo mwa mankhwala, ndipo amene adokotala anakuuzani kuti impso sizikugwira bwino ntchito mukafunse kaye chifukwa cha potaziyamu uja.

Lachinayi likudzali tikumana panonso, banja lililonse libweretse nthanga zouma ngakhale kapu imodzi, amayi a kea gulupu, odzipereka aja ophunzitsa anzawo za zakudya ndi ukhondo, abwera ndi chiwaya ndi mtondo kuti tidzaphike phala limodzi ana adzalawe. A gulupu, ndabweza kwa inu.