Makalata a Omvera: Mbiya za mayi a ku Mtakataka

Takulandirani, omvera athu. Sabata ino makalata ambiri akunena za zionetsero za zaluso zamanja, zija zimachitika m'midzi anthu akamaliza kukolola. Ndiyamba ndi imene yandikhudza kwambiri, yochokera kwa mayi ena a ku Mtakataka.

Akuti: "Ine ndimaumba mbiya ndi miphika. Pachionetsero cha kwathu ndinakhala tsiku lonse osagulitsa n'imodzi yomwe. Dzuwa litapendeka kunabwera venda wa m'tauni, n'kutenga zonse pa theka la mtengo. Ndinavomera poopa kusenzanso katunduyo. Kodi ndingosiya kuumba?"

Iyayi mayi, musasiye. Koma mundilole ndikudzudzuleni pang'ono ngati mwana wanu. Mbiya imodzi yokha, tawerengani ntchito yake. Mwakumba dongo kudambo, mwalisenza, mwaliponda n'kuchotsamo timiyala. Mwaumba, mwasalaza ndi nkhulungo, mwayanika pamthunzi masiku angapo kuopa kuti ingang'aluke. Ndiye nkhuni zootchera, ndipo pamoto paja zina zimaphulika, inu n'kungogwira pakamwa. Zonsezi venda uja sanalipireko. Iye amadziwa kuti madzulo woumba amakhala atatopa, ali ndi njala, akuganiza za mtunda wobwerera. N'chifukwa chake safika m'mawa.

Tsono musananyamuke pakhomo, khalani pansi ndi anzanu oumba, mugwirizane mtengo woti wina aliyense asatsike kupitirira pamenepo. Mupezenso nyumba ya wachibale pafupi ndi bwalolo yosungirako zotsala. Mbiya siola ngati tomato, mayi, ikhoza kudikira chionetsero china! Komanso muli pafupi ndi Mua. Malo a zaluso a KuNgoni, amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, aphunzitsa osema ambiri, ndipo alendo amafikako kudzaona nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare. Kayendereniko, mukaone mmene katundu wamanja amamuyalira kuti akope maso.

Mnyamata wina wa ku Nkhata Bay akufunsa ngati n'kulakwa kupaka polishi wakuda pa chiboliboli cha mtengo wamba n'kumati ndi phingo. Achimwene, kumeneko n'kunama. Pakani polishiyo, koma mtengowo muutchule dzina lake lenileni.

Bambo a ku Mulanje akuti alendo amakonda timabokosi ta mkungudza chifukwa cha fungo lake. Mtengo umenewo ndi wotetezedwa, ndipo paphiri paja watsala pang'ono kutheratu. Semani wina, bambo.

Agogo oluka mikeka ku Salima akufunsa ngati angalandire ndalama pafoni. Ee agogo, Mpamba kapena Airtel Money, koma mdzukulu ayambe waona uthenga pafoni yanu mkeka usanachoke m'manja.

Makalata enawa dandaulo lake ndi limodzi: ogula akunenerera mopitirira muyeso. Apa ndiye ndilankhule ndi ife ogulafe. Tikalowa m'sitolo timalipira beseni lapulasitiki pa mtengo wolembedwa, osatsutsa n'komwe. Koma tikaona nkhalamba yayala malichero pansi pa mtengo, timanenerera mpaka thukuta kutuluka, ena kumanyoza kuti "nsungwi zake n'zongodula kutchire." Nanga kuzing'amba, kuzipala, kuziluka mpaka zala kuchita zikang'a, wachita ndani? Zimandiwawa kwambiri, chifukwa amene timawafinyawo ndi amayi athu ndi agogo athu, ndipo ndalama yomwe tapulumutsayo sikwana n'komwe botolo la zozizilitsa kukhosi. Kunenerera sindikuletsa, ndi mwambo wa pamsika. Koma munthu akakuuzani kuti apa ndafika pothera, mumvereni. Ndipo inu mafumu ndi makomiti okonza zionetserozi, lengezani tsikulo msanga m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pawailesi pano, kuti ogula asakhale venda mmodzi yekha.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Mtakataka, mukaotcha mbiya zina mutilemberenso, timve kuti anzanu aja agwirizana zotani.