Si Tameki, Ndi Duwa la Pakhonde

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Sabata yatha kuno ku Area 25 kunatsala pang'ono kubuka ndewu. Kagalu ka pakhomo pena kanayamba kusanza, dovu lili chuchuchu, anthu n'kumalozana zala kuti aneba akathirira tameki. Nditafika ndinapeza mphika wa maluwa utagubuduzika pakhonde, masamba atatafunidwa. Sanali tameki ayi, linali duwa.

Zomera za masamba onenepa zija tazikonda chifukwa sizilira madzi, ndipo bilu ya madzi tonse tikuidziwa. Timagula m'mbali mwa msewu, kufunsa mtengo basi, dzina osafunsa. Ndiye mverani: duwa limene simulidziwa dzina lisakhale pamene galu amafikira.

Limene linadwalitsa kagalu kaja ndi Kalanchoe, la timaluwa tofiira kapena tachikasu todzadzana pamwamba. Poizoni wake, galu akadya lambiri, amasokoneza kagundidwe ka mtima. Lina ndi Adenium, la thunthu lotupa m'munsi ndi maluwa a pinki. Utomoni wake m'madera ena a mu Africa ankapaka ku mivi posaka nyama, ife tauika pafupi ndi mbale ya galu! Nkhadze sindichita kukuuzani. Tili ana, agogo ankatikalipira tikamathyola ya kumpanda, kuopa utomoni woyera uja m'maso. Diso la galu silisiyana ndi lanu.

(Mayi wina: "Nanga alovera, alangizi? Ife timathirira nkhuku m'madzi kukagwa chitopa, enafe timamwa.")

Mwafunsa bwino, mayi. Mukadula tsamba la alovera mumaona zinthu ziwiri. Mkati muli choterera choyera chija, koma pansi pa khungu pamatuluka madzi achikasu owawa. Amenewo ndi amene amatsegula m'mimba. Inu mumasenda, mumatsuka, ndipo thupi lanu ndi lalikulu. Galu sasenda, amatafuna tsamba lonse. Kamwana ka galu ka makilogalamu 3 kakatsegula m'mimba usiku wonse, madzi amatha m'thupi, kukacha kali lefu. Kawirikawiri alovera sapha ngati Adenium, komabe musamupatse galu ati kuchotsa njoka zam'mimba, mankhwala ake alipo. Za nkhukuzo, pepani mayi, chitopa sichimva alovera. Chimafuna katemera wa I-2, wodontheza m'diso uja, nkhuku zisanadwale. Ndikubwerezanso: duwa losadziwika dzina, kutali ndi galu.

Zilipo zosavulaza, monga Haworthia ndi Echeveria. Koma Haworthia amafanana ndi kaalovera kakang'ono, choncho musangoganizira.

Komanso abambo, galu womangidwa tsiku lonse, wongodya mikute ya nsima, amatafuna chilichonse chimene wachipeza. Si kupusa, ndi njala ndi kusungulumwa.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Galu akadya duwa, chotsani zotsala m'kamwa, mutsukeni ndi madzi. Utomoni ukalowa m'maso, thirani madzi oyera kwa mphindi 15. Musamumwetse mchere, parafini kapena mafuta ophikira kuti asanze. Thyolani tsamba kapena jambulani duwalo pa foni, thamangani nazo kwa dokotala wa ziweto, kaya ku LSPCA, bungwe losamalira nyama lija, kaya ku ofesi ya zaulimi. Akamanjenjemera kapena kudzandira, musadikire kuti kuche. Miphika ija, lero lomwe mukaikweze pamwamba.