Mawu a m'mawa: "Pita ukamuitane mwamuna wako"

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo kuno kuchigwa cha Shire? Dzuwa lisanakwere, tiyeni tiwerenge Yohane 4:16-18, tionjezere Mateyu 19:3-9.

Pali funso limene limafika kwa abusa ndi akulu a mpingo monong'ona: banja langa loyamba linatha, kodi ukwati wachiwiri ungadalitsidwe m'tchalitchi? Amafunsa ndi amayi amene amuna awo anapita ku Joni nasiya kuimba foni. Amafunsanso abambo amene anabwera kudzadula nzimbe ku Nchalo, zakumudzi zikusokonekera m'mbuyo. Ena mabanja awo sanadzukenso chichokereni m'misasa ya anthu othawa madzi, kaya mu 2015, kaya nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Ambiri mwa anthuwa sanalowe m'banja ndi mtima woti adzalithetse.

Yesu sanapeputse nkhaniyi. Afarisi atamukumbutsa kuti Mose analola kalata ya chisudzulo, Iye anati chinachititsa ndi kuuma mtima kwawo, koma pachiyambi sizinali choncho. Chimene Mulungu wamanga pamodzi munthu asachilekanitse. Mawuwa ndi olemera, ndipo ine sindiwachepetsa kuti tisangalatsane m'mawa uno. Pa Mateyu 19:9 anatchulapo za chigololo, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 7:15 akunena za mnzako wosakhulupirira amene wachoka yekha. Mavesi amenewa mipingo imawamva mosiyana. Kwa Akatolika, ukwati wa sakramenti sutha onse awiri ali moyo. Khoti la mpingo limangofufuza ngati ukwatiwo unamangidwa moyenera kuyambira pachiyambi. Mipingo ina imamva kaye mbali zonse pabwalo la akulu, ndipo ikaona amene analakwiridwa imatha kumulola. Choncho musatengere za mpingo wa mnansi wanu, kafunseni kwanu.

Koma Yesu yemweyo ndi amene anakhala pansi pachitsime ku Samariya masana, napempha madzi kwa mayi amene anakwatiwapo kasanu. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tikulidziwa dzuwa la masana. Kumjigo anthu amapita m'mamawa kapena madzulo. Lembo silinena chimene chinathetsa mabanja asanu aja. Mwina imfa, mwina kusiyidwa, pajatu pa Deuteronomo 24:1 wolemba kalata ya chisudzulo ndi mwamuna. Ife timafulumira kumuweruza mayiyu pomwe Yohane sanatero.

Onani chimene Yesu anachita. Anamuuza za madzi amoyo asanamufunse za banja. Kenako anati, pita ukamuitane mwamuna wako. Mayi uja sanazungulire, anangoti ndilibe mwamuna. Ndipo Yesu anavomereza kuti wanena zoona. Sanamuthamangitse, komanso sanachite ngati zakale zija kulibe. Anazitchula zonse: amuna asanu aja, ndiponso amene anali naye nthawi imeneyo, yemwe sanali mwamuna wake.

Apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Timafuna mphete, kwaya ndi velo, koma zakale tikufuna zikwiririke. Bambo amasamuka ku Makhanga kupita ku Ngabu, nalowa mpingo wina kumene sakumudziwa, nalembetsa ngati sanakwatirepo. Kumbuyoku ana atatu akugona ndi njala, zofunika kusukulu palibe wogula. Akuluakulu anati mlandu suola. Ukwati umalengezedwa m'tchalitchi masabata angapo usanachitike kuti wodziwa kanthu alankhule, ndipo ngakhale onse atakhala chete, Mwini ukwati anaona.

Tsono inu amene mukuganiza zomanganso banja, funso la Yesu likufikeni lisanafike la abusa. Kodi banja loyamba linathadi, kapena munangotulukamo? Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi? Kumene kunaperekedwa malowolo, monga mwa abale athu Asena, nkhani yake ndi ya ana inakambidwa? Kwa Amang'anja, kuchikamwini kuja munatsanzika bwino kapena munachoka usiku? Lamulo la maukwati la 2015 limapereka mphamvu yothetsa ukwati ku khoti, ndiye kungopatukana nyumba sikokwana. Ndipo ngati pali pobwererana, Paulo pa 1 Akorinto 7:11 akuika kuyanjananso patsogolo. Sindikunena za mayi amene anathawa zibakera ndi chikwanje. Ameneyo tisamubwezere kumoto pomuuza kuti banja ndi kupirira.

Nafenso a mumpingo tili ndi gawo lathu. Nthawi zambiri chilango chimagwera mayi. Iye ndiye amadulidwa pa Mgonero, amavula yunifolomu ya chigwirizano, amakhala benchi lakumbuyo zaka ndi zaka, pomwe bambo anasamuka ndipo kwinako akuimba kwaya. Mwambo wa mpingo ulipo kuti ubweze munthu, ndiye ngati tinamudula osapitanso kukamuyendera, tadula chabe. Mayi wa ku Samariya uja anasiya mtsuko wake nathamangira kumudzi, ndipo Asamariya ambiri anakhulupirira chifukwa cha mawu ake. Tikanakhala ife, kaya tikanamulola n'kupereka umboni komwe.

Mwina yankho la mpingo wanu lidzakhala inde, mwina dikirani, mwina ayi. Zimenezo sindingakulonjezeni. Koma kachipinda ka abusa kalowereni ndi nkhani yonse, pamodzi ndi mbali imene inu munalakwa.

Tipemphere. Atate, mukudziwa mabanja athu, amene alipo ndi amene anatha. Limbitsani amene akugwedezeka. Tonthozani osiyidwa, ndipo kumbutsani abambo ndi amayi za ana a banja loyamba. Patsani nzeru abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi ankhoswe amene akhale pa milandu yotere sabata ino. M'dzina la Yesu, Amen.