Mawu a pa intaneti amene munthu wa geni ayenera kuwamva asanatulutse ndalama

Mwaswera bwanji nonse, amayi ndi abambo. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino, sunthirani kuno pang'ono tiyambepo, ndikudziwa ena mwasiya ana pa okala ndiye sindikusungani mpaka dzuwa kulowa.

Nkhani ya lero ndi mawu aja amene anyamata opanga mawebusayiti amatiwaza nawo. Amabwera ndi laputopu, akuti amayi mukufunika domain, mukufunika hosting, tikupangirani SEO, inu n'kumangoti eya eya kuopa kuoneka otsalira, kenako mwatumiza ndalama pa Mpamba osadziwa kuti mwagula chani kwenikweni. Sikuti onse ndi akuba ayi, ambiri ntchito amaidziwa, koma wolipira ndinu ndiye muzidziwa chimene mwalipira komanso kuti chalembedwa m'dzina la ndani.

Zoyambirirazi tidutsa mothamanga chifukwa mumazidziwa kale. Intaneti ndi kulumikizana kwa makompyuta ndi mafoni padziko lonse, kuti mulowemo mumadutsira ku kampani ngati Airtel kapena TNM, ndipo bandulo imene mumagula ija ndi data, imayezedwa mu ma MB ndi ma GB, GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000. Chimene chimadya data kwambiri ndi mavidiyo, ndiye mukamatumizira makasitomala vidiyo ya mphindi zisanu yoonetsa belo la kaunjika dziwani kuti ambiri saitsegula, akusunga bandulo yawo. Zithunzi zitatu zowala bwino ndi mtengo wake, basi zakwana. Browser ndi pulogalamu imene mumatsegulira masamba, Chrome kapena Opera Mini, ndipo linki ndi timawu ta buluu tija mukatidina timakupititsani kwina.

Tsopano webusayiti, apa ndiye tikhalitsapo. Ganizani shopu ya mtauni. Shopu imafuna malo amene mumalipira lendi, imafunanso adiresi yoti anthu akupezereni. Hosting ndi lendi ija, mukulipira kampani ina kuti zithunzi ndi mawu anu zikhale pa kompyuta yawo yaikulu yosazima usana ndi usiku, imeneyo amati seva. Domain ndiye adiresi, dzina limene munthu amalemba pamwamba pa browser, lothera ndi .com kapena .mw ya kuno kwathu, a ku Zambia yawo ndi .zm, ndipo abale athu aku Joni mumaona zawo zambiri zimathera ndi .co.za. Chimene anthu ambiri sauzidwa ndi chakuti domain sugula kamodzi n'kukhala yako mpaka kale, nthawi zambiri imalipiridwa chaka ndi chaka, mukaiwala kulipira webusayiti imasiya kutseguka ndipo pakapita nthawi wina atha kulitenga dzinalo, pamene inu munalisindikiza kale pa chikwangwani, pa malisiti ndi pa galimoto.

Ndiye mnyamata akamakupangirani, mufunseni maso ndi maso kuti domain yi mwailembetsa m'dzina la ndani, ndi imelo ya ndani. Ikhale imelo yanu, pasiwedi ikhale ndi inu, mulembe mu kope lija mumalembamo ngongole. Chifukwa mnyamata uja mawa apeza ntchito ku Johannesburg, asintha nambala, inu mwatsala ndi shopu yoti kiyi wake ali m'thumba mwa munthu wina. Akayamba kuzungulirazungulira pa funso limeneli musapereke ndalama, ngakhale akhale mwana wa achemwali anu.

Amayi apo mwakweza mkono, mukuti kodi aliyense akufunika webusayiti? Ine ndinena mosabisa, ayi. Ngati muli ndi loji ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay ndipo alendo anu amachokera kunja, kapena mukufuna kumapereka katundu ku makampani ndi mabungwe amene amayamba akufufuzani kaye, pamenepo inde ikuthandizani. Koma wa makeke, telala, wa saluni, wogulitsa nkhuku, yambani ndi zaulere. Pali WhatsApp Business, inatuluka mu 2018, ndi yosiyana ndi WhatsApp wamba ija chifukwa mumaikapo dzina la geni, malo, nthawi yotsegula ndi yotseka, komanso muli catalogue, ndiko kuti mndandanda wa katundu wanu chithunzi ndi mtengo pansi pake, munthu akafunsa "zingati" simukuyambanso kusakasaka zithunzi mu galare. Status mukuidziwa, imakhala maola 24 n'kuzimiririka. Broadcast ndi uthenga umodzi wopita kwa anthu ambiri nthawi imodzi, aliyense amaulandira payekha osati ngati pagulupu, mndandanda umodzi umalola anthu 256, koma mverani apa, umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu mu foni mwawo. Ndiye kasitomala akamanyamuka muzimuuza kuti sevani nambala yangayi, apo ayi mukungolankhula nokha.

China chaulere chimene anthu amachinyalanyaza ndi Google Business Profile. Munthu akalemba pa Google kuti telala ku Area 25 kapena makanika ku Limbe, timashopu timene timatuluka pa mapu tija ndi ta anthu amene analembetsa pamenepo. SEO imene amakutchulirani ija tanthauzo lake ndi kukonza mawu ndi masamba anu kuti Google ikuoneni msanga anthu akamafufuza. Mawu amene anthu amalemba pofufuzawo amati ma keyword. Ngati pa peji panu munangolemba dzina lokongola lachizungu osatchula kuti mumasoka mayunifolomu a sukulu ndipo muli ku Ndirande, Google ikudziwani bwanji? Ndipo wina akakulonjezani kuti sabata yamawa mukhala nambala wani pa Google, ameneyo akunama, palibe amene angalonjeze zimenezo.

Tibwere ku Facebook. Pali profile, imeneyo ndi yanu ya inu munthu, ya zithunzi za ukwati ndi za kutchalitchi, ndiye pali peji imene ndi ya geni. Geni iikeni pa peji, chifukwa peji imakuonetsani manambala komanso imalola kutsatsa. Woyendetsa peji amati admin, ndipo nkhani ndi yomwe ija ya kiyi, mwana wanu kapena wantchito akakutsegulirani onetsetsani kuti inunso ndinu admin wa mphamvu zonse, wantchito akachoka mokwiya asapite ndi peji ya otsatira masauzande. Reach ndi chiwerengero cha anthu amene positi yanu yawafika pamaso. Engagement ndi amene anachitapo kanthu, kulayika, kukomenta, kusheya. Conversion ndi amene anafika pochita chimene inu mumafuna, kwa ife kuno ndiye kugula. Ine manambala awiri oyambawo sindisangalala nawo kwambiri, munthu atha kukhala ndi malayiki 500 pa diresi limodzi koma osagulitsa, anthu amangoti "zabwino sisi" n'kudutsa. Muziwerenga amene alowa ku inbox ndi amene atumiza ndalama pa Airtel Money.

Kubusita positi ndi kulipira Facebook kuti ionetse positi yanu kwa anthu ambiri, ndipo kawirikawiri pamafunika khadi la ku banki ngati la Visa. Musanadine batani la buluu lobusitira positi pali malo osankha anthu amene mukufuna awone, amati audience, mumasankha dera, zaka, amuna kapena akazi. Wogulitsa makeke a ukwati ku Zomba asankhe Zomba ndi madera oyandikira, osati dziko lonse, keke sifika ku Karonga ili bwino. Yambani ndi ndalama yochepa kwa masiku ochepa muone ngati foni ikulira, ikapanda kulira sinthani chithunzi kapena mawu musanawonjezere ndalama. Ndipo positi iliyonse izithera ndi chimene munthu achite, imbani nambala iyi, tipezeni pafupi ndi depoti, anzathu a zamalonda amati call to action.

Chomaliza ndi akuba. Phishing ndi uthenga wonamizira kuti wachokera ku Facebook kapena ku banki, woti peji yanu itsekedwa mawa dinani apa mulembe pasiwedi, mukalemba basi peji yapita. Yang'anani adiresi ili pamwamba chilembo ndi chilembo, ndipo musanamizidwe ndi https ija imakhala koyambirira kwa adiresi, imangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika panjira, akuba nawonso amakhala nayo. Code yachinsinsi ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza pa SMS musampatse munthu aliyense, ngakhale anene kuti ndi abusa anu atumiza molakwitsa. Tulutsani mafoni pompano, tsegulani WhatsApp mulowe ku Settings, kenako Account, mupeza two-step verification, ndiko kuti loko wachiwiri wa WhatsApp yanu, ikani PIN yanu ya manambala 6 yoti si tsiku lanu lobadwa. Amene yakuvutani kwezani mkono ndikubwera, tiyambira mzere wa abambo awa.