Utoto wa nsalu m'khwawa lathu

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nonse munaona mmene khwawa lathu linafiirira sabata yatha, mpaka amayi anabwerera ndi ndowa zopanda kanthu. Uja unali utoto wonyikira nsalu. Chenjezo langa ndi ili: madzi a utoto asatayidwe kukhwawa, ndipo asamwedwe.

Utotowu anaupanga dala kuti usasuluke, n'chifukwa chake umakhalitsa m'madzi. Umatchinga kuwala, zomera za m'madzi zimafooka, nsomba n'kusowa mpweya. Utoto wina wa mtundu wa azo ukamaphwanyika umatulutsa mankhwala oyambitsa khansa. Koma dzana ana amasambira momwemo, makolo muli phee pakhonde. Tisatero.

Akatswiri akuyesa kuuphwanya ndi ufa woyera wotchedwa titanium dioxide, womwe uja umayeretsa penti. Mu 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti mankhwalawa akawombedwa ndi kuwala amaphwanya madzi kukhala mipweya ya hydrogen ndi oxygen. Lero amaupanga tinjere ta nano, toyezedwa ndi muyezo womwe ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000,000. Dzuwa likawomba, pa tinjereto pamabadwa tinthu taukali totchedwa hydroxyl, timene timaduladula utoto mpaka wambiri usanduke madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Ufawo sutha, umagwiranso ntchito.

Ee, bambo? Akufunsa ngati tingagule ufawu n'kuthira m'chitsime, poti ku Kasiya kuli mchenga wa rutile. Zoona bambo, rutile ndi titanium dioxide yemweyo, koma mtundu umene umagwira bwino ntchitoyi ndi anatase. Komanso ufawu umadalira kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, komwe ndi pafupifupi 5 peresenti yokha ya kuwala kwa dzuwa. Madzi akada kwambiri kuwalako sikulowa. Pomaliza ufawo uyenera kusefedwa, ndipo chitenje sichingagwire tinjere totere. Mtundu wa utoto ukatha msanga m'madzimo, poizoni amatha kutsala, amadziwa ndi a ku labotale. Kuwiritsa madzi komanso kuthira WaterGuard n'zophera majeremusi, musazidalire pa utoto. Madzi a utoto asamwedwe, bambo.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kumsika, ndifulumire. Onyika nsalu valani magolovesi. Kumbani dzenje kutali ndi chitsime, mamita osachepera 30, muzitaya madzi a utoto mmenemo. Ndowa ya utoto isatungire madzi akumwa. Ziweto zimwere kwina. Khwawa likasinthanso mtundu, uzani amfumu ndi alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo.