Mphwanga, usakwirire faiba ija usanamve izi

Mphwanga, wadzuka bwanji ku Ulongué kumeneko? Ndine achimwene ako, ndili ku Tete kuno. Ndakuyimbira kawiri koma siikulowa, ndiye ndati ndingojambula mawu, uzimvera mofatsa, pomwe sunamve ubwereze. Katoni ija ndaikweza chapa ya m'mawa, ukailandire madzulo ano. Ndi za ntchito ija yolumikiza alamu ndi mawu a mlonda kuchokera kosungira katundu kukafika kunyumba kwa abwana kudzera mu faiba. Muli timabokosi tiwiri tachitsulo tosandutsa mawu ndi uthenga wa alamu kukhala kuwala, timawaya tachikasu tinayi, katochi kofiira koyezera kaja ndi kabotolo ka sipiriti wopukutira. Mkukutu wa faiba uli nawo kale. Khasu lisagunde pansi usanamalize kumva zonsezi.

Abwanawo akufunsanso, ndikudziwa, kuti bwanji osangokoka waya wa kopa wotchipa. Uwayankhe mwaulemu. Kuchokera kunyumba yosungiramo soya ndi feteleza kukafika kunyumba kwawo tinayeza mamita 700. Waya wa netiweki uja amathera pa mamita 100. Waya wamba wa mawu angafike, inde, koma m'njira amatola kulira kwa magetsi, kuja kwakuti huuu, mpaka mlonda akamalankhula umangomva ngati njuchi zili m'chitini. Koma chachikulu ndi mphenzi. Iwe wakulira ku Angónia, ukudziwa mmene kumang'animira mvula ikayamba mu Disembala. Mphenzi siichita kufuna kumenya wayayo ayi, ikangogwa pafupi mphamvu yake imalowa mu kopa n'kuthamanga mbali zonse ziwiri, kukaotcha za kunyumba ndi za kumunda nthawi imodzi. Faiba yomwe tagulayi mulibe chitsulo ngakhale pang'ono. Ndi galasi, ndipo m'galasi magetsi sadutsa, mumadutsa kuwala kokha.

Ukasenda chikopa chake upeza kaulusi konga tsitsi. Kukula kwake ndi 125 micron, ndipo kanjira ka kuwala kali pakatikati ndi 9 micron basi (mu milimita imodzi muli ma micron 1,000). Imeneyi ndiye single-mode, n'chifukwa chake timawaya tolumikizira ndakutumizira tachikasu. Wina akakubwereka ta olenji ukane, timeneto ndi ta multimode, mkati mwake ndi mokulirapo, sitigwirizana ndi yathuyi.

Tsopano timabokosi. Yang'ana kunsi kwake, kena kalembedwa A, kena B. Si mapasa ayi, ndi mwamuna ndi mkazi. Kuwala kwake kuli mitundu iwiri yodziwika ndi manambala: ka A kamatumiza kuwala kwa 1310 n'kumalandira kwa 1550, ka B kamachita mosemphanitsa. Ndi mmene mawu amapitira ndi kubwera mu kaulusi kamodzi komweko osagundana, mlonda akulankhula abwana akuyankha. Ka A ukaike kosungira katundu, ka B kunyumba. Tsiku lina kamodzi kakadzafa, podzaitanitsa udzatchule chilembo chake, chifukwa ma A awiri sangamvane ngakhale utawapempherera.

Ndipo mphwanga, tamvera apa. Kuwala kumeneku sikuoneka ndi maso. Usadzayerekeze kusuzumira kunsonga ya faiba kapena m'kabowo ka bokosi kuti uone ngati kukuyaka. Suona kanthu, koma diso likupsa. Tizidutswa ta galasi totsala podula uzitolera pa tepi yakuda n'kutsekera m'kabotolo. Pamalo pamenepo pasadyere munthu, ndipo ana a alonda uwathamangitsire kutali, kagalasi kameneko kakalowa m'chala sikatuluka msanga.

Ngalande ikhale yakuya masentimita 60, podutsa ngolo ndi mathirakitala upitirirepo. Anyamata okumba atopa n'kumakuuza kuti apa pakwana, iwe utenge tepi uyeze wekha. Njira yonseyo ikudutsa m'mphepete mwa minda, ndipo mdani wa faiba kwathu kuno si wakuba yekha. Ndi khasu la munthu wosalakwa amene akupanga mizere yake mu Okutobala, ndi anyamata okumba mbewa akatentha tchire, ndi makoswe. Choncho ilowe mu paipi, pansi mchenga kapena dothi losefa lopanda miyala, pamwamba dothi pang'ono, kenako tepi yochenjeza ija, ndiye n'kumaliza kukwirira. Wokumba azikumana ndi tepi asanakumane ndi paipi. Ukapitenso kwa amfumu ndi eni minda yoyandikana, uwaonetse pomwe yadutsa, uwauze poyera kuti mkatimo mulibe kopa wogulitsa. Mawu amenewo amateteza chingwe kuposa simenti.

Pokoka musagwire ndi kaulusi, mugwire ndi ulusi wachikasu wolimba uli m'katimo, ntchito yake ndi imeneyo. Mkukutu uzizungulira pa mtengo, osati kuusolola chogona, ingapotane. Pokhota pasakhale ngati chigongono. Lamulo lomwe timayendera ndi lakuti pokoka, kukhota kwake kusachepere kunenepa kwa chingwe kuchulukitsa ka 20, ikagona ka 10. Mbali iliyonse usiyeko mamita angapo okulunga bwino, tsiku lodzalumikizanso udzandithokoza. Wa makina owotcherera nsonga za faiba abwera Lachinayi. Makina ake akamaonetsa kuti kuwala kotayika pa mfundo kwapitirira 0.1 dB, umupemphe adule ayambirenso, usachite naye manyazi.

Mitu ya timawaya tathu ndi SC yabuluu. Yobiriwira nsonga yake ndi yopendekeka, ukaikakamiza pa yabuluu uwononga zonse ziwiri. Tizipewa take uzivula pa nthawi yolowetsa yokha, upukute ndi sipiriti uja, osati ndi malaya, osati kuuzira ndi pakamwa. Kafumbi kamodzi ka mu Seputembala n'kokwanira kutseka kanjira ka 9 micron. Musanalumikize mabokosi, walitsa katochi kofiira mbali imodzi, mnzako aloze nsonga inayo pa pepala loyera. Pakaoneka kadontho kofiira ndiye kuti njira ilipo.

Tsopano ndafika pomwe ndakujambulira mawu onsewa. Zinazi ungalakwitse n'kukonza mawa, koma ichi ayi.

Kumbuyo kwa bokosi kuli timabowo ta alamu, tolembedwa COM, NO ndi NC. Bokosilo silidziwa kuti chitseko n'chiyani. Limangoona ngati mawaya awiri agundana kapena asiyana, n'kukauza linzake kutsidya kuti lichite chimodzimodzi. Ndiye pali njira ziwiri zomangira. Ina ndi yakuti zonse zikhale chete, wakuba akatsegula mawaya agundane, uthenga upite, sairini ilire. Imaoneka yanzeru, ndipo ine ndinamangapo choncho ndili wamng'ono pa ntchitoyi. Panali pamalo ena osungira chimanga, sinditchula. Ndinayesa, inalira bwinobwino, ndinalandira ndalama zanga n'kumapita. Patapita miyezi, munthu wina akukumba dzenje la mtengo wa mpanda anadula chingwe osadziwa n'komwe. Kunyumba kunali zii, ndipo aliyense ankagona mtima uli m'malo poganiza kuti zii ameneyo ndi mtendere. Usiku womwe anabwera akuba, mlonda, bambo wachikulire, anadina batani lake kambirimbiri ali kuseri kwa matumba. Palibe anamva. Anamumanga manja ndi chingwe cha matumba omwewo, anamupeza m'mawa atazizidwa, milomo itauma. Atandiona anangondifunsa kuti, mwana wanga, ndimadina ine, bwanji simunabwere? Funso limenelo ndimayenda nalo mpaka lero, ndipo sindifuna kuti iwe udzafunsidwe.

Choncho umange njira yachiwiri. Kamaginito ka pachitseko kakhale kogundanitsa mawaya chitseko chikakhala chotseka. Batani la mlonda likhalenso la mtundu womwewo, lodula mzere akalidina. Ndiye kuti nthawi yonse ya mtendere, usana ndi usiku, bokosi la A likuuza la B kuti ndilipo, ndilipo, ndilipo, ndipo ka relay ka ku B, kaswichi koyendera magetsi kam'bokosimo, kamagwira chifukwa cha uthenga umenewo. Chitseko chikatseguka, kamasiya. Faiba ikaduka, kamasiya. Batire la kosungira katundu likafa, kamasiya. Zonsezi sairini ilire. Usangokhulupirira zilembo za pabokosi, chifukwa opanga ena amalemba NC kutanthauza mmene kamakhalira kopanda magetsi. Tenga mita yako uyeze, usankhe timabowo tiwiri tomwe tikugundana zonse zikakhala bwino, n'kusiyana ukazula faiba. Ka resistor komwe kanabwera ndi panelo ya alamu ukaike pa bokosi la B penipenipo, osati m'kati mwa panelo, kuti kawaya kapakati pa ziwirizi nakonso kakhale koyang'aniridwa.

Pali mzere winanso wobwerera, wochokera kunyumba kupita kosungira katundu. Abwana akufuna azitha kuyatsa getsi lalikulu ndi kutsegula loko wa pageti ali pakhonde pawo. Umenewo ndiye umange mosiyana, uzigwira ntchito pokhapokha munthu wadina. Ukaumanga ngati wa alamu, wakuba adzangodula chingwe geti n'kudzitsegukira lokha.

Za mawu sizovuta kwenikweni. Bokosi limafuna mawu okwezedwa kale, ndiye maikolofoni isalowe mwachindunji, idutse kaye mu kaampu kake. Kotulukira nakonso sikungayendetse sipikala payokha, pafunika ampulifaya. Maikolofoni ndi sipikala zisayang'anizane, zikayandikana zimalira tswiii mpaka agalu kuuwa. Yamba ndi voliyumu yotsika, uzikweza pang'onopang'ono mnzako akulankhula kutsidyako ndi mawu a masiku onse. Kenako umuuze anong'one. Munthu amene waona akuba safuula, amanong'ona, ndiye ngati kunong'ona sikukumveka kunyumba, ntchito sinathe. Kawaya ka maikolofoni kakhale kafupi, kotalikirana ndi mawaya a 220. Ndipo sipikala ya kwa mlonda ikhale ndi potsitsira, kuti abwana akamayankha usiku mawu awo asamuulule pomwe wabisala.

Magetsi. Damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi ku Songo, koma mtengo ukagwera waya nthawi ya mvula, mdima umagwa basi, ndipo akuba amakonda usiku woterowo. Mbali zonse ziwiri pakhale batire. Kabatire ka 12 volts 7Ah kamasunga 84 watt-hour. Uwerenge mawatsi olembedwa pa bokosi, pa ampulifaya ndi pa kaampu, uphatikize, ugawe 84 uja ndi chiwerengerocho kuti upeze maola, ndipo yankho lakelo ulidule pakati chifukwa batire silifunika kulikama mpaka kuuma. Ngati sizikufika m'mawa, uwauze abwana agule lalikulu kapena aonjezere sola. Mabokosi akhale m'kabati yokhoma, pokwera, posafika madzi ndi chiswe. Kuno ku Tete timalimbana ndi kutentha kopitirira madigiri 40, kwanuko vuto ndi chinyontho, ndiye mabowo olowera mawaya ayang'ane pansi.

Tsiku lopereka ntchito uitane abwana, amayi a kunyumbako ndi alonda onse, wa usana ndi wa usiku yemwe. Tsegula chitseko, sairini ilire. Mlonda adine batani yekha ndi chala chake, ilire, ndipo alankhule amve kuyankhidwa. Thimitsa magetsi a mbali imodzi, muone kuti zikugwirabe. Pomaliza, onse akuona, zula kawaya kachikasu pa bokosi la A. Ikapanda kulira usalandire ndalama, undiyimbire nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Uwauzenso kuti ikadzalira popanda wakuba asadzaitseke n'kukagona, adzayang'ane kagetsi kolembedwa LINK, kakathima ndiye kuti chingwe chavulala penapake. Alonda uwaphunzitse kuti aliyense akamayamba ntchito madzulo aziyamba wapereka moni kunyumba kudzera pa makinawo, ndipo kunyumba aziyankha.

Ngalande ikatha unditumizire zithunzi musanakwirire, tepi yoyezera ili m'dzenjemo kuti ndione kuya kwake. Amayi uwapatse moni, uwauze kuti mbatatesi ija inafika bwino.